KUMANGA NYUMBA YOPALIRA MATABWA PA MUDZI

M'midzi yambiri ya m'Malawi muno muli amisiri a matabwa amene agwira nchito yao pansi pa mtengo wa mango kapena pa khonde la nyumba yogonamo. Nchito ya anthu amenewa njofunika ndithu, pakuti zitseko, mafelemu a mazenera, mipando, mabedi, madesiki a ku sukulu ndi mabokosi a maliro zicokera m'manja mwao. Koma mmisiri wopanda nyumba ya nchito ataya ndarama caka ndi caka osazindikira. Mvula ikayamba mu November nchito iima, matabwa anyowa napindika, sowo ndi puleni zicita dzimbiri, ndipo ciswe cilowa mu mulu wa matabwa amene iye anagula ndi ndarama za fodya kapena za mtedza. Citseko copangidwa ndi matabwa onyowa cicita mipata dzuwa likabwera, ndipo mwini wace sabweranso kudzagula kanthu kena.

Luso la ukalipentala si lacilendo m'dziko muno. Chalichi ca St Michael and All Angels ku Blantyre cinamangidwa ndi manja a anthu akuno kuyambira 1888 kufikira 1891, ndipo sukulu imene Dr Robert Laws anatsegula ku Livingstonia mu 1894 inaphunzitsa anyamata kupala matabwa ndi kumanga nyumba. Lero lino maphunziro otere ayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo aperekedwa m'masukulu a luso monga ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi Mzuzu. Acinyamata ambiri abwerera kwao ali ndi luso m'manja koma alibe pogwirira nchito. Nkhani ino ifotokoza mamangidwe a nyumba yaing'ono imene munthu wa pa mudzi angathe kumanga pang'ono pang'ono ndi ndarama zace.

NTHAWI NDI MALO

Nthawi yabwino yomangira ndiyo kuyambira May kufikira September, pamene zokolola zalowa m'nkhokwe, nthaka yauma ndipo anthu a pa mudzi ali ndi mpata wothandizana. Denga liyenera kukhala litafoleredwa October asanathe, cifukwa cipupa ca zidina cosafoleredwa cigumuka ndi mvula yoyamba.

Mmisiri ayambe wakamba ndi amfumu ndi abale ace za malo, kuti pasadzabuke mlandu nyumba itatha. Okhala m'tauni kapena pafupi ndi tauni ayenera kufunsa ku khonsolo ngati pafunika cilolezo. Malowo akhale okwera pang'ono, osati m'dambo kapena m'njira ya madzi. Mvula yamkuntho ya Freddy mu March 2023 inaonetsa anthu a ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe zimene madzi acita ndi nyumba yomangidwa m'khwawa. Pakhale kutali ndi culu, kutali ndi khichini ndi moto wace, ndiponso pafupi ndi mseu kapena njira imene ngolo ingafike ndi matabwa. Zitsa ndi mizu yonse azizule, pakuti mtengo wakufa wotsala pansi ndiwo uitana ciswe.

KUKULA KWACE NDI KUYANG'ANA KWACE

Nyumba ya mamita 6 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi ikwanira mmisiri mmodzi ndi wophunzira wace. Yocepera apa ibvuta, cifukwa matabwa ena a pa msika apitirira mamita 5, ndipo munthu wopala thabwa afuna malo kutsogolo ndi kumbuyo kwa benchi. Zipupa zikwere mamita 2.7, kuti wadirobu iimirire m'kati ndi kuti kutentha kwa malata kusafike pamutu.

Nyumbayo igone motsata njira ya dzuwa, ndiko kuti mbali zace zazifupi ziyang'ane kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo zazitali ziyang'ane kumpoto ndi kumwera. Cifukwa cace nciti? Dzuwa la m'mawa ndi la madzulo likhala pansi ndipo lilowa m'zenera nkuthobwa m'maso. Dziko la Malawi liri kumwera kwa Equator, motero miyezi yambiri ya caka dzuwa la masana lipendekera kumpoto. Mazenera a mbali ya kumwera alowetsa kuwala kokwanira popanda dzuwa lotentha, ndipo ndipo poyenera kuikapo benchi. Mazenera awiri, lirilonse mita 1.2 m'lifupi ndi mita 1 m'mwamba, akwanira ku mbaliyo, ndipo limodzi laling'ono ku mbali ya kumpoto lithandiza kuti mphepo idutse ndi kuturutsa fumbi. Mazenera a kumwera akhale ndi zotsekera za matabwa cifukwa ca mphepo ya mwera ndi ciperoni ca mu June ndi July. Khomo likhale kum'mawa, la zitseko ziwiri, mita 1.5 m'lifupi kapena kupitirira. Amisiri ambiri anapangapo bedi lalikuru m'kati limene linakana kuturuka pa khomo laling'ono.

KUYESA NDI KUKUMBA MAZIKO

Nyumba yopotoka pa maziko ipotoka mpaka ku denga. Njira yowongolera ngodya njapafupi ndipo ifuna tepi, cingwe ndi zikhomo zokha. Kucokera pa cikhomo ca pa ngodya, mmisiri ayese mamita 3 motsata mbali yaitali ndi mamita 4 motsata mbali yaifupi. Ngati pakati pa malo awiriwo pali mamita 5 enieni, ngodyayo yawongoka. Zikhomo zinai zitakhomedwa, ayesenso mopingasa kucokera ngodya ina kufika ngodya ya tsidya lace, mbali zonse ziwiri. Miyeso iwiriyo ifanane, ndipo pa nyumba ya mamita 6 ndi 4 uliwonse ukhala mamita 7.21.

Ngalande ya maziko ikumbidwe kufikira dothi lolimba, kawiri kawiri masentimita 45 kufikira 60, ndipo pa dothi lakuda la makande limene ling'aluka m'cilimwe akumbe mopitirira. Maziko akhale a miyala kapena a mabuloko a simenti, ndipo akwere masentimita 20 kapena 30 pamwamba pa nthaka. Pamwamba pa maziko ayale pepala lakuda la pulasitiki asanayambe cipupa, kuti cinyezi ca pansi cisakwere m'khoma. Amene angathe aikepo kansalu ka lata koturukira kunja pang'ono ndi kopindikira pansi. Lata limeneli sililetsa ciswe kotheratu, koma licikakamiza kumanga njira yace poyera pamene munthu angaione ndi kuigumula.

ZIPUPA

Zidina zouma bwino pa dzuwa ndizo zochipa, ndipo zikhala zaka zambiri ngati ziri pa maziko okwera ndi pansi pa denga loturukira kunja. Mabuloko a simenti ndi njerwa zopanikiza za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono ndi zolimba koposa. Njerwa zoocha zidya nkhuni zambiri, ndipo mmisiri wa matabwa ndiye woyamba kusauka mitengo ikatha. Pomanga ndi mabuloko, dothi lomangira likhale muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso 6 ya mcenga wa ku mtsinje wopanda matope.

Munthu wosowa ndarama zokwanira asataye mtima. Angathe kuyamba ndi nsanamira, denga ndi kacipinda kamodzi kokhoma kosungiramo zipangizo, ndipo mbali zotsalazo acinge ndi khoma lofika m'ciuno. Caka camawa akagulitsa zitseko zace adzakweza zipupa. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

DENGA

Denga la udzu lizizira bwino, koma m'nyumba yodzala utuci ndi vanishi liri ngati nkhuni zodikira moto, ndiponso lidontha udzu ukakalamba. Malata ndiwo abwino. Pogula, mmisiri adziwe kuti nambala ya geji ikacepa lata likhala lokhuthala: geji 28 njolimba kuposa geji 32. Denga liturukire kunja kwa cipupa masentimita 60 mbali zonse, ndipo ku mbali ya kumpoto lingathe kupitirira mamita 2 nkukhala khonde loumitsirapo matabwa.

Madenga ambiri amene acoka ndi mphepo ya kumayambiriro kwa dzinja acoka athunthu, malata ndi mitanda yomwe, cifukwa mitandayo inangosanjikidwa pa cipupa. Pomanga, mmisiri aike waya wokhuthala kapena zitsulo zopyapyala zomangira m'kati mwa cipupa, mizere isanu ya njerwa kucokera pamwamba, ndipo adzakulunge nazo mitanda mwamphamvu. Misomali ya malata ikhomedwe pa msana wa lata, osati m'ngalande mmene muyenda madzi, ndipo m'mphepete mwa denga ikhale yothithikana koposa pakati, pakuti mphepo iyamba kukanganula m'mphepete. Lata lisanjike pa linzace msana umodzi ndi theka m'mbali, ndi masentimita 15 kumapeto. Lata limodzi kapena awiri a pulasitiki oonekera kuwala athandiza pakati pa nyumba pamene kuwala kwa mazenera sikufika. Pa nchito yokweza mitanda aitane anzace, pakuti mutu umodzi susenza denga.

PANSI

Pansi pa nyumba ya nchito payenera kukhala posalala ndi polingana, cifukwa pamenepo ndipo mmisiri ayesera ngati miyendo ya tebulo iri yofanana. Athire miyala yophwanya, asinje zolimba, ayale pulasitiki, kenaka athire konkire yokhuthala masentimita 7.5. Konkire ya muyeso umodzi wa simenti, miyeso 3 ya mcenga ndi miyeso 6 ya kwale ikwanira, ndipo pa nyumba ya kukula kumeneku idya matumba 8 kapena 9 a simenti a makilogramu 50. Konkire ilimba ndi madzi, siilimba ndi dzuwa ai. Aithirire m'mawa ndi madzulo masiku 7 ndi kuifunditsa masaka onyowa. Yosathiriridwa ing'aluka nifumbutuka, ndipo ciswe cidzera m'ming'alu.

Kutsogolo kwa benchi kuyalidwe matabwa awiri atatu opondapo. Chizulo cikagwa pa simenti cibenthuka kukamwa, ndipo kunola kwace kudya theka la tsiku. Matabwawo apumitsanso miyendo ya munthu woimirira kuyambira m'mawa. Kunja akumbe ngalande yozungulira nyumba yopatutsa madzi a pa denga.

BENCHI

Benchi ndiyo cipangizo cacikuru m'nyumba yonse, ndipo yogwedezeka iononga nchito ya mmisiri waluso. Ikhale mamita 2 m'litali ndi masentimita 60 m'lifupi, pamwamba pace pa matabwa ouma okhuthala mainchi awiri. Msinkhu wace utsate mwini wace: ataimirira manja ali pansi, pamwamba pa benchi pafike pa mfundo ya dzanja lace, ndiko kuti masentimita 80 kufikira 90 kwa anthu ambiri. Benchi yaitali kwambiri itopetsa mapewa popala, ndipo yaifupi ipweteketsa msana. Miyendo ikhale ya mitengo ya mainchi 4 mbali zonse, yolumikizidwa ndi mitanda ya pansi poboola ndi kulowetsa, ndi kumanga ndi mabauti. Misomali yokha ikhwepa pakapita miyezi yocepa. Munthu wogwira ndi dzanja lamanja aike vaisi kumapeto a kumanzere, ndipo pafupi pace aboole kabowo kolowetsamo kamtengo kogunditsa thabwa popala. Benchi iime pansi pa mazenera a kumwera.

KUSUNGA NDI KUUMITSA MATABWA

Mtengo wongodulidwa kumene uli ndi madzi ambiri, ndipo pa mitengo ina theka la kulemera kwace ndi madzi okha. Madziwo akamaturuka thabwa licepa m'lifupi mwace, koma m'litali silisintha kweni kweni. Ici ndico cifukwa cace citseko ca matabwa awisi cicita mipata pakati pa thabwa ndi thabwa. Mmisiri wanzeru agula matabwa miyezi ingapo asanawafune.

Mulu wa matabwa ukhale pa mthunzi, pa khonde lija, pamwamba pa mabuloko okwera masentimita 45. Pakati pa mzere ndi mzere aike timitengo touma tokhuthala masentimita awiri, totalikirana masentimita 60, ndipo kamtengo kalikonse kakhale pamwamba peni peni pa kanzace ka pansi, kuti matabwa asapindike. Pamwamba pa mulu atsike ndi miyala. Kumapeto kwa thabwa kuuma msanga koposa pakati ndipo kung'aluka, motero apakeko penti yotsala. Paini wa inchi imodzi auma m'miyezi iwiri itatu ya cilimwe, koma mitengo yolimba monga mlombwa ndi mbawa ifuna nthawi yaitali ndithu. Wopanda cipangizo coyezera cinyezi aike thabwa limodzi pa sikelo sabata iriyonse nalembe kulemera kwace. Kukaleka kutsika, thabwalo lauma monga mwa nyengo ya malowo.

MATABWA OLOLEDWA

Matabwa a paini acokera ku nkhalango zobzala monga za ku Zomba, Dedza ndi Chikangawa pa Viphya, kumene anabzala mahekitala oposa 50,000 makamaka kuyambira 1964, ngakhale moto ndi kudula kosabwezera zacepetsa nkhalangoyo kwambiri. Paini apalika msanga koma ciswe ndi anankafumbwe amkonda, motero asagunde nthaka. Bulugama ngwolimba pa nsanamira ndi mitanda, koma ang'aluka akaumitsidwa mofulumira. Malaina apepuka ndipo acita bwino pa mipando ndi zitseko.

Mlombwa ndi mbawa ndiyo mitengo imene ogula aikonda, koma yacepa m'dziko lonse. Lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, liletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda cilolezo, ndipo wopezeka ndi matabwa otere angathe kulandidwa matabwawo ndi kulipitsidwa kapena kumangidwa. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje, umene unachulidwa mtengo wa dziko lino mu 1984, uli citsanzo ca zimene zicitika anthu akamadula osabzala: pa kalembera wa mu 2017 panapezeka mitengo ikuruikuru 7 yokha pa phiri lonse. Mbande zambiri zabzalidwa kuyambira pamenepo, koma zidzatenga zaka makumi ambiri. Mmisiri asagule thabwa la mkungudza konse, asunge malisiti a matabwa onse amene agula, ndipo abzale mitengo yaceyace m'malire mwa munda. Alangizi a za nkhalango a m'boma lace angamuuze mbande zoyenera dera lace.

KUMALIZA NYUMBA

Zipupa za zidina zipakidwe pulasitala kunja, makamaka m'munsi mmene mudonthera madzi a pa denga. M'kati apake laimu woyera kawiri. Laimu awalitsa nyumba popanda kulipira nyale, ndipo njira ya ciswe ioneka msanga pa khoma loyera. Zitseko ndi zotsekera mazenera zipakidwe penti mbali zonse, ndi pansi pomwe pamene anthu ambiri aiwala. Popeza zipangizo za mmisiri ziri za mtengo wapatali, mazenera akhale ndi zitsulo, ndipo loko amangidwe ndi mabauti oturukira m'kati, osati ndi timisomali toti wakuba azule ndi mpeni.

Pa khoma la pafupi ndi benchi akhomepo thabwa lalikuru lopacikapo sowo, hamala, sikweya, tupa ndi cobowolera, ndipo ajambule cithunzi ca cipangizo ciriconse pa malo pace. Madzulo, malo opanda kanthu auza mwini wace cimene casowa kapena cimene mnansi anabwereka. Machizulo ndi mapuleni akhale m'bokosi lokhoma, atapukutidwa ndi kansanza ka mafuta, makamaka m'dzinja pamene dzimbiri ligwira usiku umodzi wokha. Mwala wonolera ukhale ndi malo aceace pafupi ndi zenera. Guluu, penti ndi vanishi zikhale pa alumali lapamwamba limene ana sangafikire.

Kumene kwafika magetsi a ESCOM, mawaya aikidwe ndi munthu wa cilolezo ca bungwe la MERA, ndipo masoketi akhale pamwamba pa msinkhu wa benchi kuti utuci usalowemo. Kukoka waya kucokera ku nyumba yogona modutsa pabwalo kwapha anthu ndi kuocha nyumba. Kumene kulibe magetsi, nyale ya sola imodzi pamwamba pa benchi ikwanira nchito ya madzulo.

MOTO, FUMBI NDI MABALA

Utuci ndi zopalidwa zisesedwe tsiku ndi tsiku ndi kuturutsidwa kunja. Za matabwa wamba zithandiza m'khola la nkhuku ndipo pambuyo pace zisanduka manyowa. Koma zidutswa za matabwa onyikidwa m'mankhwala oletsa ciswe, amene kawiri kawiri aoneka obiriwira, zisaponyedwe pa moto wophikira, cifukwa utsi ndi phulusa lace ziri ndi poizoni. Nsanza zopakira mafuta a linseed zikaunjikidwa pamodzi zitentha zokha ndipo zingayake usiku popanda woyatsa; aziyanike kunja imodzi imodzi kapena azibviike m'cidebe ca madzi. Pa khomo pakhale ndowa ya mcenga, ndipo fodya asasutidwe m'kati.

Fumbi losalala la sandipepa ndi la makina lilowa m'cifuwa. Madokotala anatsimikiza kuti kupuma fumbi la matabwa zaka zambiri, makamaka la mitengo yolimba, kubweretsa mphumu ndi khansa ya m'mphuno. Mmisiri abvale cophimba mphuno ndi pakamwa pokwecha matabwa, atsegule mazenera, ndipo vanishi apakire pa khonde. M'nyumbamo mukhale kabokosi ka sopo, bandeji ndi mankhwala a pa bala. Wobayidwa ndi msomali atsuke balalo ndi madzi ndi sopo napite ku cipatala tsiku lomwelo cifukwa ca kafumbata. Ana aang'ono asasewere m'nyumba ya nchito, ndipo wophunzira asagwire makina mwini wace palibe.

KUSAMALA CAKA NDI CAKA

Nyumba ikatha, nchito yoisamala iyamba. Sabata iriyonse mmisiri azungulire maziko kunja ndi m'kati kufuna njira za ciswe, ndipo asatsamiritse matabwa pa khoma kapena kuwasiya pa dothi. Mu October aone misomali ya malata ndi waya wa mitanda, afukule ngalande, ndi kumata ming'alu ya pulasitala mvula isanagwe. Ndi bwinonso kusunga kabuku kolembamo ndarama zonse zimene nyumbayo yadya, ndi kupatula kangacepe pa citseko ciriconse cogulitsidwa, kuti lata likabooka kapena sowo ikatha ndarama yace ipezeke.

Mmisiri amene ayamba kuumba zidina mu May angathe kufolera mu September ndi kukhoma benchi yace mu October. Pamenepo mvula ya mu January idzampeza ali m'kati akupala matabwa ouma, pamene kale ankakhala pa khonde kudikira kuti kuce.